Michigan State, Madison kapena Davis: ndemanga ya wophunzira bayoloje wochokera ku Zomba

Mayunivesite aboma akuluakulu a ku America amagulitsa chinthu chimodzi chenicheni kwa mwana wa bayoloje wochokera kunja, ndiwo mwayi wolowa mu labu ya munthu amene akuchita kafukufuku. Zinazi zimene mumaona pa zithunzi za pa webusaiti, kapinga wobiriwira, achinyamata akusekerera atakumbatira mabuku, bwalo la mpira litadzaza anthu, ndi zokometsera chabe. Fizi yake ndi yokwera moti ukapanda kulowa mu labu, wagula pa mtengo wa nyumba zingapo za ku Area 47 maphunziro omwe ukanawapeza ku Chanco kapena ku Bunda. Ine ndili m'chaka chomaliza pa Michigan State University, mumzinda wa East Lansing, ndipo ndikuti sukuluyi ndi yabwino, nditapatsidwanso mwayi ndingaisankhenso. Koma si ya aliyense, ndipo ena amene amandilembera kufunsa ndimawauza mosabisa kuti asabwere.

Sukulu zimene zinandilola zinali zitatu: Michigan State, University of Wisconsin ya ku Madison, ndi University of California ya ku Davis. Zitatu zonsezi n'zapachibale. Mu 1862 boma la America linakhazikitsa lamulo la Morrill, lopereka malo kwa zigawo kuti zimange sukulu zophunzitsa ulimi ndi umisiri kwa ana a anthu wamba. Michigan State inayamba mu 1855, lamulolo lisanabwere, ngati koleji ya ulimi, ndipo Davis inayamba ngati famu ya University of California. N'chifukwa chake bayoloje ya m'sukulu zimenezi imanunkha dothi ndi ndowe. Pali makola a ng'ombe, minda yoyeserera mbewu, sukulu za madokotala a ziweto, ngakhale malo opangira ayisikilimu kuchokera ku mkaka. Munthu wokulira pakati pa minda ya chimanga sachita chilendo kwambiri.

Tiyambe ndi ndalama, popeza zosankha zambiri zimathera pomwepo. Sukulu yaboma imapatsidwa thandizo kuchokera ku misonkho ya anthu a m'chigawo chake, ndiye mwana wa ku Michigan amalipira fizi yochepa, pomwe wa kunja amalipira kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Sukulu ikakulola imakutumizira fomu yotchedwa I-20, ndipo isanatero imafuna umboni wa ku banki woti ndalama za chaka chonse zilipo: fizi, chipinda, chakudya, mabuku ndi inshuwalansi ya chipatala, imene kwa ife a kunja siyokana. Ku Michigan State zonse pamodzi zimaposa madola 60,000 pa chaka. Ku Davis zimaposa 70,000. Ngongole ndi thandizo la boma la America, zimene anzathu a kuno amapempha kudzera pa fomu ya FAFSA, ife sizitikhudza n'komwe. Sikolashipu imene sukulu yaboma imapereka kwa mlendo nthawi zambiri imangodula gawo la fizi. Amene amalipirira mwana wosauka zonse ndi masukulu ena olemera omwe si aboma, ndipo kulowako ndi nkhondo. Kale Michigan State inali ndi pulogalamu ya Mastercard Foundation, yomwe inayamba mu 2012 ndipo inaphunzitsa achinyamata ambiri a ku Africa, koma inatseka zolemba ophunzira atsopano ine ndisanafike.

Kwa ife a ku Malawi pali mtolo winanso. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola m'mabanki amasowa. Fizi imene bambo anga anaiwerengera m'makwacha pamene ndinkanyamuka siyomwe akulipira lero. Chimene chatipulumutsa n'chakuti gawo lalikulu amalipira azakhali anga, omwe ndi namwino ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo amalandira malipiro awo m'madola. Ngati banja lanu lonse limapeza ndalama m'makwacha, werengerani zaka zinayi zonse mutaonjezera za kugwa kwa ndalama, musanalipire madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira a kunja, ndi 185 a viza. Komanso kuyambira 2025 malamulo a viza kwa Amalawi akhala akuthina. Mu Ogasiti chaka chimenecho Malawi ndi Zambia anali maiko oyamba kuikiridwa chikole chofika madola 15,000 pa viza ya alendo ongocheza, yomwe ndi imene makolo amafuna pobwera ku mwambo wolandira digiri. Musanatulutse tambala iliyonse, funsani a EducationUSA a ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, omwe salipiritsa. Maejenti a m'tauni amakonda kukankhira mwana ku sukulu imene iwowo amadyapo.

Davis ndinaisiya msanga, ngakhale mtima unkaifuna. Sukulu yake ya madokotala a ziweto ndi imodzi mwa zotchuka kwambiri pa dziko lonse, ili ndi labu ya zam'nyanja ku Bodega Bay, nyengo yake ndi yofunda, ndipo tauni yonse imayenda pa njinga. Chinandibweza ndi mtengo, kuphatikizapo lendi ya ku California. Chachiwiri, Davis siyendera semesita ya masabata 15. Chaka amachigawa m'zigawo za masabata 10, kutanthauza kuti mayeso oyamba amabwera sabata yachitatu kapena yachinayi. Kwa munthu amene khutu lake silinazolowere Chingerezi cha m'mphuno cha Amereka, ndinaona kuti ndidzayamba kumva zimene mphunzitsi akunena magiredi atawonongeka kale.

Madison inandivutitsa maganizo kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero ndimati aliyense wofuna bayoloje ya m'kati mwa selo aiganizire kwambiri. Mbiri yake ndi yolemera. Mankhwala a warfarin, oletsa magazi kuundana, anachokera mu labu ya Karl Paul Link, amene ankafufuza chimene chinkapha ng'ombe zodya udzu wouma wovunda. Howard Temin analandira mphoto ya Nobel mu 1975 chifukwa chotulukira enzayimu ya reverse transcriptase, imene kachilombo ka HIV kamadalira pochulukana, ndipo ena mwa ma ARV amene abale athu amamwa amagwira ntchito poitsekereza. James Thomson anakuza ma stem cell a munthu, maselo otha kusanduka mitundu yosiyanasiyana ya maselo a m'thupi, kumeneko mu 1998. Sukuluyo ili m'mbali mwa nyanja ya Mendota, imene akatswiri a zamoyo za m'madzi aifufuza kwa zaka zoposa 100, ndipo mwana wa ku Mangochi kapena Nkhata Bay wokonda za nyanja angasangalale nako. Pa mndandanda wa masukulu otchuka, Madison imakhala pamwamba pa Michigan State, ndipo amalume anga ena sanamvetse chifukwa chake ndinasiya yapamwamba n'kutenga yapansi.

Zifukwa zinali zitatu, koma sizolemera mofanana. Michigan State inandichotserako fizi kuposa inayo. East Lansing ili pa mtunda wa maola osakwana atatu pa galimoto kuchokera ku South Bend, komwe kuli Amalawi ambiri, ndipo pa Khirisimasi, mahositelo akatsekedwa, ndimakhala ndi kolowera. Chachitatu, chomwe chinandikoka kwenikweni, ndi chakuti pa sukulu imeneyi dzina la Malawi silachilendo. Dr Terrie Taylor wakhala akufufuza malungo a mu ubongo mwa ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1986, ndipo kwa zaka zambiri amakhala theka la chaka ku Malawi, nyengo ya malungo. Iwo ndi Malcolm Molyneux ndi amene anakonza muyeso wa Blantyre Coma Scale, womwe madokotala amaonera kukula kwa chikomokere mwa mwana wamng'ono wosatha kuyankhula. Makina a MRI atafika ku Queens mu 2008, gulu lawo linatha kuona m'mitu ya ana odwala, ndipo mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti ana ambiri amene amafa ndi matendawa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Ku mbali ya ulimi, akatswiri a sukuluyi agwira ntchito zaka zambiri ndi alimi a ku Dedza ndi Ntcheu pa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza pofuna kubwezera chonde m'nthaka, ndipo LUANAR ili mu mgwirizano wa Alliance for African Partnership womwe Michigan State inayambitsa mu 2016.

Apa ndichenjeze. Ubale umenewu sutanthauza kuti mwana wa chaka choyamba adzakwezedwa ndege kupita ku wodi ya kafukufuku ku Blantyre. Ntchito ya malungo ili pansi pa koleji ya udokotala, ndipo ogwiramo ndi madokotala ndi ophunzira a madigiri apamwamba. Phindu lake kwa ine lakhala laling'ono koma lenileni: ndikalemba imelo kwa pulofesa n'kutchula kuti ndine wa ku Zomba, nthawi zambiri amayankha, ndipo ena amayamba n'kundifunsa za mvula ya chaka chino.

Tsopano maphunziro enieniwo. Ophunzira alipo oposa 50,000, ndipo malo a sukulu ndi maekala oposa 5,000, ndi mtsinje wa Red Cedar ukudutsa pakati. Kuchoka kalasi ina kupita ina nthawi zina umakwera basi ya CATA, yomwe m'kati mwa sukulu ndi yaulere. Makalasi oyambirira a kemisitiri ndi bayoloje amakhala ndi anthu mazanamazana m'holo imodzi, pulofesa akuyankhula pa maikolofoni, inu mukuyankha mafunso podina pa foni kapena pa kachipangizo ka iClicker. Umu ndi mmene zilili m'masukulu onse atatu aja, ndipo wokuuzani kuti kwawo n'kosiyana akunama. Amene amakudziwa dzina ndi TA, wophunzira wa PhD amene amayang'anira gulu laling'ono mu labu yophunzirira. Magiredi amachokera ku ntchito ya sabata ndi sabata, mayeso apakati awiri kapena atatu, ndi omaliza. Kachitidwe kathu kogona chaka chonse n'kudzawerenga usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira mayeso atayandikira, kuno sikathandiza, chifukwa theka la malikisi limakhala litapita kale.

Chimene Michigan State ili nacho choposa zinzake pa vuto la kuchuluka kwa anthuli ndi Lyman Briggs College. Iyi ndi koleji yaing'ono ya sayansi m'kati mwa yunivesite yaikulu, inayamba mu 1967, ndipo a chaka choyamba amagona, kudya ndi kuphunzira m'nyumba imodzi, Holmes Hall. Bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu oyambirira amaphunzitsidwa m'magulu ochepa, aphunzitsi ali ndi maofesi momwemo, ndipo fizi yake ndi yomweyo. Amakukakamizanso kuphunzira mbiri ndi nzeru za sayansi, kulemba nkhani zazitali, kutsutsana m'kalasi za zinthu monga kuyesa mankhwala pa anthu osauka. Poyamba ndinkaona ngati akunditayitsa nthawi, koma kalata imene inandilowetsa mu labu analemba ndi mphunzitsi wa phunziro limenelo. Pofunsira malo muyenera kusankha Lyman Briggs msanga pa fomu, chifukwa malo amatha. Ukafika ku organic chemistry, CEM 251, umakakhala m'holo yaikulu ndi wina aliyense, ndipo kumeneko ndi kumene ambiri olota udokotala amasinthira maloto.

Kulowa mu labu ya kafukufuku palibe amene adzakuitanire. Yunivesite yaikulu ili ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje: madzi ndi ochuluka, koma sakwera okha kukathirira ndiwo. Umatsegula tsamba la dipatimenti, n'kuwerenga zimene pulofesa aliyense akuchita, kusankha ochepa amene ntchito yawo yakugwira mtima, kuwerenga pepala lawo limodzi ngakhale ukumva theka lokha, kenako n'kulemba imelo yaifupi yonena kuti ndiwe yani, wawerenga chiyani, ndipo uli ndi maola angati pa sabata. Ena sayankha. Ena amati malo adzaza, ubwerenso semesita ya mawa. Ife tinaleredwa kuti mwana sayamba kuyankhula ndi wamkulu, ndipo ulemu umenewo kuno umakusowetsa zinthu, pakuti Amereka akaona wakhala chete amati ulibe chidwi. Safunsa anadya phula. Pulofesa amakhala ndi maola oikika pa sabata, chitseko chili chotsegula, akudikira ophunzira, ndipo kawirikawiri amakhala yekhayekha mpaka sabata ya mayeso.

Ine ndinalowa mu labu ya zomera yofufuza nyemba. Michigan ndi chimodzi mwa zigawo zolima nyemba zouma kwambiri mu America, makamaka zakuda, ndiye ndalama za kafukufuku wa nyemba zilipo. Ndinayamba ndi kutsuka mabotolo, kuwotcha zipangizo mu autoclave, kuthira dothi m'miphika ndi kulemba manambala pa timapepala. Patapita miyezi anandiphunzitsa kugwira pipette, kuchotsa DNA m'masamba, kuyendetsa PCR, njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA, ndi kuwerenga timizere ta DNAyo pa gel. Lero ndili ndi kafunso kangakanga kokhudza mmene mizu ya mitundu ina ya nyemba imapiririra matenda owoletsa mizu, ndipo ndinakaonetsa zotsatira pa UURAF, chionetsero cha kafukufuku wa ophunzira chimene chimachitika mu Epulo chaka chilichonse. Zipangizo zimene mwana wa digiri yoyamba amaloledwa kugwira kuno, kwathu amazisunga m'chipinda chokhoma, ngati zilipo n'komwe. Mankhwala a mu labu akatha, amaitanitsa lero, mkucha afika. Pa chinthu ichi chokha ndimaona kuti ndalama za azakhali sizinapite m'madzi.

Pali khomo lachidule kwa amene akhoza bwino kwambiri. Ena mwa olowa mu Honors College, koleji ya ophunzira okhoza kwambiri, amapatsidwa malo otchedwa Professorial Assistantship, pomwe amakuika mu labu kuyambira chaka choyamba n'kumakulipira kangachepe kwa zaka ziwiri. Ngati kalata yanu yokulolani yatchula zimenezi, ziwerengereni mtengo waukulu poyerekeza masukulu.

Nkhani ya tchuthi chachitali, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi imene palibe amene amakuuza usanabwere. Anzako a ku America amapita ku mapulogalamu a REU, omwe bungwe la National Science Foundation limalipirira: masabata pafupifupi 10 mu labu ya yunivesite ina, ndi malipiro ndi pogona. Ndalama zimenezo ndi za nzika ndi okhala ndi green card basi. Mwana wa viza ya F-1 saloledwanso kukagwira ntchito kunja kwa sukulu popanda chilolezo cha CPT, chimene chimafuna kuti ntchitoyo igwirizane ndi maphunziro ake. Chotsala ndi ntchito ya m'kati mwa sukulu, maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndi maola onse nthawi ya tchuthi. Apa ndi pamene kukula kwa sukulu kumasanduka dalitso, chifukwa ma labu ndi ambirimbiri, ndipo a zomera amafuna manja kwambiri nyengo yolima. Funso loyenera kufunsa sukulu iliyonse musanasankhe ndi ili: kodi muli ndi ndalama zanuzanu za kafukufuku wa nthawi ya tchuthi zimene wophunzira wa kunja angapemphe? Yankho lake limasiyanitsa masukulu kuposa mndandanda uliwonse wa pa intaneti. Michigan State ilinso ndi Kellogg Biological Station, pafupi ndi nyanja ya Gull, komwe amaphunzitsa ekoloje ya kutchire m'miyezi imeneyi.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali chinthu pa sukuluyi chimene ndimachikonda kuposa zonse. William Beal, mphunzitsi wa zomera amene anali m'gulu la oyamba kukwatitsa mitundu ya chimanga pofuna zokolola zambiri, anakwirira mabotolo 20 mu 1879. M'botolo lililonse anaikamo mchenga ndi njere za mitundu yoposa 20 ya zomera, zambiri mwa izo udzu wovutitsa m'minda, ndipo anawazondotsa kuti madzi asalowe. Ankafuna kudziwa kuti njere za udzu zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka zingati, funso limene aliyense amene analimbanapo ndi kaufiti m'munda wa chimanga amalimvetsa. Poyamba ankafukula botolo limodzi pa zaka 5 zilizonse, kenako 10, tsopano 20. Malo ake amadziwa anthu ochepa okha, ndipo amafukula usiku kuti kuwala kusadzutse njere za m'mabotolo otsala. Lomaliza kufukulidwa linali la mu Epulo 2021, litachedwa chaka chimodzi chifukwa cha Covid, ndipo njere za chomera china chotchedwa Verbascum zinamera patatha zaka zoposa 140. Mabotolo 4 akadali pansi, ndipo kafukufukuyu adzatha cha m'ma 2100. Munda wa zomera wa Beal, womwe unayamba mu 1873, uli pafupi ndi laibulale yaikulu ndipo kulowa ndi kwaulere. Pa sukulu yomweyi ndi pamene Barnett Rosenberg anatulukira m'ma 1960 zimene zinabala cisplatin, mankhwala a khansa, ndiponso pamene Richard Lenski anasunga kwa zaka zambiri mabotolo 12 a bakiteriya wa E. coli amene anayamba kuwatsata mu 1988 kuti aone kusintha kwa zamoyo ndi maso. Za Lenski tinkaziwerenga m'buku la kalasi, kenako n'kumadutsa pa khomo la nyumba imene zinkachitikira.

Wokonda nsomba za m'nyanja yathu asathamangire kuno. Mbuna ndinazipeza m'sitolo ina ya ziweto ku Lansing, zikusambira m'magalasi pa mtengo woti msodzi wa ku Chembe angagwe nacho chiseko, koma akatswiri odziwika pa nsomba za m'nyanja ya Malawi ali kwina: Thomas Kocher ku University of Maryland, ndi Jay Stauffer amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Penn State. Wofuna za HIV ndi matenda opatsirana ayang'ane University of North Carolina ku Chapel Hill, eni ake a UNC Project ya ku Kamuzu Central. Sankhani sukulu potsata munthu ndi ntchito yake, ndipo muonetsetse kuti akadalipo, chifukwa mapulofesa amasamuka ndi kupuma pa ntchito.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku ndidutsa mwachangu. Ophunzira atsopano amayenera kugona m'hositelo zaka ziwiri zoyamba, lamulo limene linayamba mu 2021, ndipo izi zimakweza mtengo chifukwa chipinda chimabwera ndi chakudya cha m'kafeteriya. Chakudyacho ndi chambiri, umadya mmene ungathere, ndipo kafeteriya ya Brody Square ndi yaikulu moti umasokera. Mpunga, nkhuku ndi nyemba zimapezeka, koma patatha mwezi thupi limayamba kufunsa nsima. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ku Lansing. Musagule ufa wa anthu a ku Mexico wopangira tortilla, chifukwa chimanga chake amachiphika ndi laimu ndipo nsima yake imamveka fungo lachilendo. Masamba a collard amalowa m'malo mwa repu bwinobwino. Nkhwani ndi usipa zimabwera m'sutikesi ya wina wochokera kumudzi, zikafika ku South Bend uthenga umayenda pa WhatsApp. Ofesi ya ophunzira a kunja, OISS, ndi imene imasaina I-20 yako ukafuna kupita kwanu n'kubwerera, ndipo ine andithandiza bwino nthawi zonse. Palinso nkhokwe ya chakudya chaulere cha ophunzira osowa, imene inayamba mu 1993, ndipo palibe amene amakuyang'ana modabwa ukapitako. Kuchokera pa bwalo la ndege la Detroit pali basi ya Michigan Flyer yofika mu East Lansing momwe.

Kuzizira ndi nkhani yeniyeni, musaipeputse poganiza kuti munakhalako ku Dedza kapena pa phiri la Zomba mu Juni. Mu Januwale ndi Febuluwale kumatsika kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo mphepo imaluma makutu ndi zala. Jekete yabwino ndi nsapato zosalowa madzi zimathetsa zimenezo, ndipo ndi bwino kuzigula konkuno. Chovuta kwambiri ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, mitambo imaphimba kumwamba masiku ambiri otsatizana, ndipo munthu umangoona ulesi ndi chisoni chopanda chifukwa. Madison ndi yozizira kuposa kuno. Ngati mukudziwa kuti mtima wanu umafooka msanga mukakhala nokha, kufunda kwa Davis kapena kwa University of Florida kuwerengereni ngati chifukwa chomveka, osati ngati chibwana.

Makolo amafunsa za chitetezo, ndipo akuyenera kudziwa. Pa 13 Febuluwale 2023 munthu wa mfuti, amene sanali wa pa sukuluyi, anawombera ku Berkey Hall ndi ku MSU Union, n'kupha ophunzira atatu ndi kuvulaza asanu. Usiku umenewo tinakhala m'zipinda titakhoma, magetsi titazimitsa, kwathu kukucha mayi akuimba foni. Chiyambire pamenepo nyumba zambiri zimafuna khadi polowa madzulo, ndipo m'makalasi anaikamo maloko. Vuto la mfuti ndi la dziko lonseli, ndipo palibe sukulu pa zitatu zija imene ingakulonjezeni kuti sizingachitike.

Amene ndimawauza kuti asabwere ndi ofuna udokotala. Kwathu mwana amalowa ku KUHeS n'kutuluka ndi MBBS. Ku America udokotala umayamba munthu atamaliza kaye digiri ya zaka zinayi, kulemba mayeso a MCAT, n'kupikisana ndi anthu zikwizikwi. Masukulu ambiri a udokotala, makamaka aboma, salandira anthu a viza, ndipo ena mwa ochepa amene amalandira amafuna uonetse ndalama za zaka zingapo, mwinanso zonse zinayi, usanayambe. Makolo ambiri akamva kuti mwana akuchita bayoloje ku America amayamba kumutcha dokotala pa maliro ndi pa maukwati, osadziwa kuti msewu umenewo kwa mlendo ndi wopapatiza kwambiri. Mwana wofunitsitsa kuchiza anthu apite ku Blantyre, za kunja adzazione pa maphunziro a ukatswiri.

Wofuna kafukufuku zinthu zimamuyendera mosiyana. Digiri ya bayoloje ili m'gulu la STEM, la maphunziro a sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu, choncho ukamaliza umaloledwa kugwira ntchito miyezi 12 pa chilolezo cha OPT, n'kuonjezera ina 24, ndipo ambiri amagwira mu labu ngati othandizira asanapite patsogolo. PhD ya sayansi m'masukulu ngati awa siilipiridwa ndi wophunzira: fizi amachotsa, n'kumakupatsa malipiro pa mwezi chifukwa chophunzitsa kapena kufufuza. Mu labu yathu muli mlongo wina wochokera ku East Africa amene digiri yake yoyamba anachitira kwawo, banja lake silinatulutsepo dola, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa PCR. Kwa banja lopanda azakhali ku South Bend, njira ndi imeneyo: digiri yoyamba ku UNIMA, LUANAR, MUST kapena Mzuni, magiredi abwino, pulojekiti ya chaka chomaliza yochitidwa ndi mtima wonse, chaka chimodzi kapena ziwiri pa malo a kafukufuku monga Malawi Liverpool Wellcome, Chitedze kapena Bvumbwe, ndi makalata atatu ochokera kwa anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Madipatimenti ambiri a bayoloje amatseka kulandira mafomu a PhD kumayambiriro kwa Disembala, ndiye maimelo opita kwa mapulofesa ayenera kuyamba kutuluka mu Seputembala.